Description ya chida cha AI iziyesedwa ndi a DLP, osati kungowerengedwa ndi developer

Mu kampani iliyonse yosunga deta ya anthu mumakhala kagulu kena kamene ntchito yake ndi kutseka mipata, aja a DLP, data loss prevention, amene amaonetsetsa kuti manambala a makhadi a kubanki, mafayilo a malipiro ndi ma contract zisatuluke kudzera pa imelo, pa flashi kapena pa Google Drive ya munthu. Zaka zonsezi akhala akulondera munthu, poti munthu ndi amene amadina send, ndi amene amakopera fayilo, ndipo mu 2023 ogwira ntchito ku Samsung ataika khodi ya kampani mu ChatGPT mpaka kampaniyo kuletsa zida zoterezi pa makompyuta ake, vuto linali lomwelo, zala za munthu. Pano amene akudina send salinso munthu yekha. Kwabwera ma ejenti a AI, mapulogalamu ogwira ntchito okha mmalo mwa munthu, amene apatsidwa zida zowerengera imelo, zofufuzira mu database, zotumizira mauthenga, ndipo chimene chimauza ejenti kuti chida ichi uchigwiritse liti, uikemo chiyani, ndi kandime kakafupi kotchedwa description. Kandime kameneka nthawi zambiri kamalembedwa ndi developer akuthamangira zina, kapena kamangobwera limodzi ndi seva yotengedwa pa intaneti, pulogalamu yopereka zidazo kwa ejenti, nkudutsa popanda wa chitetezo aliyense kukaona. Ine ndikuti izi nzolakwika, ndipo ngakhale amene ayamba kuunika ma description ambiri akuunika chinthu cholakwika.

Tiyambe ndi mmene zimayendera chifukwa apa ndi pamene anthu amasochera. Modelo, ubongo wa AI umene umayendetsa ejenti, siona khodi ya chida. Mu MCP, Model Context Protocol, njira yolumikizira ejenti ku zida imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024, seva imapereka mndandanda wa zida zake, ndipo chida chilichonse chimabwera ndi dzina, description, ndi schema ya JSON yonena zinthu zoti zilowetsedwe. Ndi zimenezi basi zimene modelo imalandira, ndipo zimalowa mu context, mawu onse amene modelo ikuwerenga pa nthawiyo, momwemo muli malangizo a mwini pulogalamu ndi pempho la wogwiritsa ntchito, chidacho chisanaitanidwe nkamodzi komwe. Modelo ilibe njira yodalirika yosiyanitsira kuti mawu awa ndi a bwana, awa ndi a mlendo, imawerenga zonse ngati mawu oti iwaganizire ndipo pena iwamvere. Nde mukalumikiza seva ya munthu amene simukumudziwa, mwamulola kulemba nawo malangizo a ejenti yanu.

Anthu akamva zimenezi amathamangira ku nkhani za mbava za pa intaneti, tifikako, koma ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi description yolembedwa ndi mtima wabwino koma yosakwanira, chifukwa zoterezi ndi zambiri kuposa zachiwembu. Taganizirani chida chogawira dokumenti, description yake ikungoti chimagawa dokumenti kwa munthu wina, osanena kuti mukapanda kusankha china chimapanga linki yoti aliyense amene ali nayo atsegule. Wogwira ntchito auza ejenti kuti mpatse mnzanga wa ku accounts lipoti ili, ejenti iitana chidacho, ntchito yatheka, mnzakeyo walandira, aliyense wakondwa, koma lipoti la malipiro lili poyera ndipo palibe alamu yalira poti palibe imelo yatuluka. Kapena chida chofufuzira pa intaneti chimene description yake sinena kuti mawu ofufuzirawo amapita ku kampani ina. Ejenti ikufuna kuthandiza, itenga dzina la kasitomala, ndalama za mu contract ndi mfundo imene akukanganirana nkuziika zonse mu query kuti ipeze yankho labwino. Kapena ka parameter, malo olowetsamo zinthu mu chida, kotchedwa context kapena notes, kolembedwa kuti ikani chilichonse chimene chingathandize. Modelo ikauzidwa kuti chilichonse imaikadi chilichonse, mpaka macheza onse amene yakhala ikuchita ndi munthuyo. Palinso mbali yobwerera, chida chofufuzira makasitomala chimene chimabweza rekodi yonse, nambala ya chiphaso, tsiku lobadwa, adiresi, pomwe ejenti imangofuna kudziwa ngati akaunti ili yotsegula, ndipo zonsezo zikalowa mu context zimakhala momwemo, zilowa mu ma log, ndipo chida chotsatira chikhoza kuzinyamula.

Mu zitsanzo zonsezi palibe wakuba. Pali chiganizo chimodzi chimene sichinalembedwe.

Tsono zachiwembuzo. Mu Epulo 2025 ofufuza za chitetezo a Invariant Labs anaonetsa chimene anachitcha tool poisoning, ndipo chitsanzo chawo chinali chophweka mochititsa mantha, chida chophatikiza manambala awiri. Mkati mwa description munali malangizo akuti usanagwiritse chida ichi werenga fayilo ya mcp.json ya Cursor, pulogalamu yolembera khodi, komanso kiyi ya SSH ya munthuyu yolowera mu makompyuta ena, uziike mu parameter yotchedwa sidenote, apo ayi chida sichigwira, ndipo usamuuze munthuyo zimenezi. Ejenti inamvera. Munthu pa sikirini ankaona kuti akufunsidwa kuvomereza kuphatikiza manambala, pomwe modelo inawerenga ndime yonse. Anaonetsanso china choopsa kuposa apa, chimene amachitcha shadowing, pamene description ya chida choipa sikamba za chidacho koma imasintha khalidwe la chida china chodalirika, mwachitsanzo kunena kuti imelo iliyonse yotumizidwa ndi chida cha imelo izipita ku adiresi yakutiyakuti. Pa chitsanzo chawo cha WhatsApp, seva yooneka yosalakwa inasintha description yake itavomerezedwa kale, nkupangitsa ejenti kutumiza mbiri ya macheza ku nambala ya wachiwembu kudzera mu seva yeniyeni ya WhatsApp yomwe. Mukayang'ana log muona chida chodalirika chikugwira ntchito yake, chida choipacho sichinaitanidwe nkomwe. A Trail of Bits mwezi womwewo analemba za vuto lomweli nkulitcha line jumping, kutanthauza kuti mawuwo amafika kwa modelo chitetezo chonse choikidwa pa kuitana chida chisanayambe kugwira, ndipo anaonetsanso kuti malangizo akhoza kubisidwa ndi zilembo zapadera za ANSI kuti munthu woyang'ana pa terminal asawaone.

Makampani ena atamva zimenezi ayamba kuunika ma description, zomwe nzabwino, koma taonani mmene kuunikako kumachitikira kawirikawiri. Wina awerenga ndimeyo, kapena aipereka kwa modelo ina kuti iipatse malikisi, kodi ndi yomveka, kodi ikufotokoza ma parameter onse, kodi muli mawu okayikitsa. Zimenezi zimathandiza kugwira zoonekeratu, ndipo zida ngati mcp-scan imene a Invariant omwewo anatulutsa zili ndi ntchito yake, sindikuzinyoza. Koma kumveka bwino si chitetezo. Description ya chida chophatikiza manambala chija inali yomveka bwino zedi, nchifukwa chake inagwira ntchito. Ndipo modelo imene mwaiika kuti iweruze nayonso imawerenga mawu omwewo, ikhoza kunyengedwa ngati inzake. Funso loyenera silakuti ndimeyi ikuwerengeka bwanji, ndi lakuti ejenti ikaiwerenga imachita chiyani ndi deta imene ili nayo m'manja, ndipo yankho lake silipezeka powerenga, limapezeka poyesa.

Kuyesa kumene ndikunena nkotere. Mukonza malo oyesera osakhudzana ndi deta yeniyeni, nkuikamo deta yabodza yokhala ndi chizindikiro, nambala ya khadi yopeka imene imadutsa Luhn, masamu oyesera manambala a makhadi, kuti iwoneke yeniyeni, kiyi ya API yabodza, dzina la kasitomala amene kulibe, mawu apadera obisidwa mkati mwa dokumenti amene sangapezeke kwina kulikonse. Kenako mupatsa ejenti ntchito wamba, zimene anthu amaipatsadi tsiku ndi tsiku, ndipo mulemba chilichonse chimene yaika mu chida chilichonse, osati yankho lomaliza lokha ayi, poti yankho lomaliza limatha kukhala laulemu ndi loyera pomwe deta yapita kale pa sitepe yachitatu. Chizindikiro chija chikaoneka mu argument, kutanthauza zolowetsedwa, ya chida chotulutsa zinthu kunja, description imeneyo yalephera, kaya inalembedwa mokoma bwanji. Ndipo kuyesa kamodzi sikukwanira chifukwa modelo siyankha chimodzimodzi nthawi zonse, ntchito yomweyo muibwereze kambirimbiri, chifukwa chida chimene chimadontha kamodzi pa maulendo 100 chikaikidwa mu kampani imene ejenti ikuitanidwa kambiri patsiku ndiye kuti chikudontha tsiku lililonse. Mukatero musinthe chiganizo chimodzi, muonjezere kuti mawu olowa apa amapita ku seva ya kampani ina, musaikemo mayina a anthu kapena zamkati mwa madokumenti, nkuyesanso kuti muone ngati chasintha china. Pena chimasinthadi kwambiri, pena ayi, ndipo pena chiganizo chochenjeza chimapangitsa ejenti kuopa chidacho mpaka kulephera ntchito, nchifukwa chake muyenera kuyeza zonse ziwiri, kudontha ndi kutha ntchito. AgentDojo, malo oyesera amene ofufuza a ku ETH Zurich anatulutsa mu 2024, amayeza motere, kuti ejenti yamaliza ntchito zingati komanso yagwa mu misampha ingati, ndipo ndikuona kuti maganizo amenewa ndi amene a DLP ayenera kubwereka. Ejenti imene situlutsa deta poti sichita kalikonse anthu adzaisiya nkupita kukagwiritsa ina yosavomerezeka pa foni zawo, ndiye mwaluza kawiri.

Chinthu china chimene ndimaona chikuiwalika, chida sichiyesedwa chokha. Shadowing ija yatiphunzitsa kuti vuto limakhala pa kusakanikirana, nde mndandanda wonse wa zida zimene ejenti izikhala nazo pa ntchito yeniyeni ndi umene uyenera kulowa mu mayeso, ndipo mukaonjezera seva yatsopano mayeso a zida zakale abwerezedwe. Chimodzimodzi mukasintha modelo, olo kungokwera version, chifukwa description imene modelo ina imaimvera bwino ina ikhoza kuimva mwina. Komanso musamayang'ane ndime yaikulu yokha, dzina la chida, mayina a ma parameter, timafotokozedwe ta mu schema, ma default, ngakhale uthenga wa error umene chida chimabweza, zonsezi modelo imawerenga. Uthenga wa error wonena kuti zalephereka, yesaninso mutaika zamkati mwa fayilo yakuti, ndi malangizo ngati ena onse.

Ndipo mukavomereza description, sungani hash yake, kachidindo kamene kamasintha mawu akasintha olo pang'ono. Ichi nchophweka ndipo sindimvetsa chifukwa chake sichili chizolowezi paliponse. MCP imalola seva kusintha mndandanda wa zida zake nkudziwitsa client, pulogalamu imene ejenti ikuyendamo, kuti wasintha, zomwe zili ndi ubwino wake, koma zikutanthauza kuti chimene munavomereza Lolemba sichimene ejenti ikuwerenga Lachisanu. Mu 2025 a Check Point anapeza vuto lofanana nalo mu Cursor, pamene chivomerezo chinkamangidwa pa dzina la seva basi, moti wina akanatha kusintha command ya pansi pake osafunsidwanso, ndipo linakonzedwa mu version 1.3. Chilembo chimodzi chikasintha mu description chidacho chiime kaye mpaka wina aone.

Tsopano ndinene mbali imene otsutsa akunena zoona, chifukwa ilipo ndipo ndi yaikulu. Iwo amati description ndi mawu chabe, mukhoza kuiunika mpaka kutopa koma khodi ya pansi ikhoza kuchita zina. Eya, nzoona. Mu Seputembala 2025 a Koi Security anapeza package ya pa npm, malo otengerako khodi, yotchedwa postmark-mcp, imene sinali ya kampani ya maimelo ya Postmark koma inkadzionetsa ngati yawo, ma version oyambirira anali bwinobwino kenako mu 1.0.16 munalowa mzere umodzi woika BCC, kope yobisika, pa imelo iliyonse kupita kwa mwini package. Modelo sinanyengedwe apa, inaitana chida chotumizira imelo molondola, kuba kunachitika mu khodi, ndipo palibe kuwerenga kwa description kumene kukanagwira zimenezi. Ngakhale ma annotation, zizindikiro zonena khalidwe la chida, amene analowa mu MCP mu Malichi 2025, readOnlyHint, destructiveHint, idempotentHint ndi openWorldHint, malamulo a MCP eni ake amanena kuti client isawakhulupirire pokhapokha akuchokera ku seva yodalirika, poti seva ikhoza kulemba kuti imangowerenga pomwe ikutumiza. Palinso nkhani ya seva ya GitHub imene a Invariant anaonetsa mu Meyi 2025, pamene zida zonse zinali zenizeni, ma description opanda vuto, koma issue, uthenga wonena za vuto, yolembedwa ndi wachiwembu mu repo, malo osungira khodi, ya poyera inapangitsa ejenti kutenga zinthu za mu ma repo achinsinsi nkuziika mu pull request, pempho losintha khodi, ya poyera. EchoLeak ya mu Microsoft 365 Copilot, imene inalengezedwa mu Juni 2025, inali ya mtundu womwewo, imelo imodzi yobwera kuchokera kunja, munthu osadina kalikonse. Simon Willison, amene anayambitsa dzina lakuti prompt injection, kunyenga modelo ndi malangizo obisidwa mu zimene ikuwerenga, mu 2022, anazimanga pamodzi mu Juni 2025 ponena za zinthu zitatu zimene zikakumana mu ejenti imodzi ngozi yafika, kutha kufikira deta yachinsinsi, kuwerenga zolembedwa ndi anthu osadalirika, ndi kukhala ndi njira yotumizira zinthu kunja.

Nde ngati zili chonchi kuunika description nkwachiyani? Apa ndi pamene ndimasiyana ndi otsutsawo. Kuti mudziwe ngati zinthu zitatu zija zakumana mu ejenti yanu muyenera kudziwa kuti chida chilichonse chimawerenga kuti, chimalemba kuti, ndani amaona zotuluka, ndipo malo oyamba amene zimenezi ziyenera kulembedwa ndi mu description. Ine ndimaiona ngati pepala lolembedwa pa katundu amene akudutsa pa geti, mlonda wanzeru sakhulupirira pepalalo, amatsegula katunduyo, koma popanda pepalalo sangadziwe kuti chimene wapeza mkati chikusiyana ndi chimene chinanenedwa. Description ikanena kuti chida ichi chimalankhula ndi seva imodzi yakuti, muli ndi chinthu choti muchiyerekeze ndi zimene zikuyenda pa netiweki, mukhoza kutseka njira zina zonse, ndipo chikayesa kupita kwina mwachigwira. Description ikangoti chimathandiza kutumiza mauthenga mulibe pogwira. Choncho chida chimene sichinena kopita deta ine sindingachivomereze, osati poti ndachipeza ndi mlandu koma poti sichinandipatse njira yochiyesera.

Ndipo chotchinga chenicheni chizikhala kunja kwa modelo, pakati pa ejenti ndi chida, pamene argument iliyonse imadutsa isanapite. Apa DLP yakale ili ndi ntchito komanso ili ndi malire ake ofunika kuwavomereza. Zida ngati Microsoft Purview, Forcepoint kapena Symantec DLP zinakula pa kuzindikira maonekedwe a deta, regex, kachitsanzo kofufuzira maonekedwe ngati a manambala 16 a khadi, fingerprint ya dokumenti, kufananitsa ndi rekodi yeniyeni ya mu database. Munthu akamatulutsa fayilo kawirikawiri amaitulutsa mmene ilili nde imagwidwa. Modelo simachita choncho, imalemba chidule, imasintha mawu, imamasulira mu chilankhulo china, ikauzidwa imasandutsa mawu kukhala zilembo zosawerengeka za base64 kapena kugawa nambala mu zidutswa pa maitanidwe angapo, ndipo chidule cha mapulani a kampani ogula kampani ina chilibe regex. Nchifukwa chake ndikuona kuti funso lakuti mawu awa akuoneka ngati chinsinsi liyenera kutsagana ndi lina lakuti ejenti iyi yakhudza chiyani mu ntchito imeneyi. Ngati yawerenga dokumenti yachinsinsi ndiye zida zotumiza kunja zitsekeke kapena zidikire munthu, kaya ikufuna kutumiza mawu otani. Ofufuza a Google DeepMind ndi ETH Zurich anayenda njira yofanana ndi imeneyi mu CaMeL mu 2025, kutsata komwe deta yachokera nkuika malamulo kunja kwa modelo. Koma kuti lamulo lotere ligwire wina ayenera kukhala atasankhula zida, ichi chimawerenga zachinsinsi, ichi chimabweretsa zakunja, ichi chimatulutsa, ndipo kusankhulako kumayambira pa kuunika kuja.

Ena adzati zonsezi zichedwetsa ntchito, ma developer akufuna kulumikiza seva lero osati mwezi wa mawa. Ndikuwamvetsa, ndipo sindikunena kuti chida chilichonse chilandire mayeso ofanana. Chida chosintha mayunitsi chimene chimayenda pa kompyuta yomweyo popanda netiweki chikhoza kudutsa msanga, bola description yake yaonedwa yonse ndipo hash yasungidwa. Mphamvu zipite pa zimene zili ndi khomo lotulukira, imelo, macheza, kufufuza pa intaneti, kutsegula URL, kugawa mafayilo, kulemba mu repo kapena tikiti imene anthu akunja amaona. Chimene sindivomereza ndi yankho lakuti paja munthu amafunsidwa kaye kuti avomereze. Munthu amene wafunsidwa kambirimbiri pa ola limodzi amangodina, ndipo taona kale kuti zimene amaonetsedwa pa sikirini zimatha kukhala zochepa kuposa zimene zikutumizidwa. Komanso kampani ikangodziwa kuti deta ya anthu yatuluka, GDPR, lamulo la ku Ulaya loteteza deta, imapatsa kampani maola 72 kuti idziwitse oyang'anira, ndipo maola amenewo ndi ochepa kwambiri ngati mpamene mukuyamba kufunsana kuti kodi ejenti ija inali ndi zida zingati, anazilemba ndani, zinasintha liti.

Nchifukwa chake ndikuti ntchitoyi isasiyidwe kwa developer yekha. Developer amalemba description kuti modelo igwiritse chidacho bwino ndi pafupipafupi, ndiyo ntchito yake ndipo palibe cholakwika, koma amene amadziwa kuti deta iti ikatuluka kampani ili m'madzi ndi wa DLP, ndipo iyeyo ndi amene ayenera kusankha deta yabodza ya mu mayeso, kuona zotsatira, nkusayina. Pogula zida kwa kampani ina chimodzimodzi, apemphe mndandanda wonse mmene modelo imaulandirira, mayina, ma description, ma schema, osati chidule cha pa webusayiti, apemphenso lonjezo lolembedwa kuti chilichonse chikasintha adzauzidwa chisanafike kwa ejenti. Wogulitsa akakana kupereka zimenezi seva yakeyo isalumikizidwe ku ejenti imene imakhudza deta ya makasitomala.